Mwana wanga akuti Lincoln anali watsankho, ndimuyankhe chiyani?

Mayi wina amene amakhala ku Indiana, ku America, wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 15 anapatsidwa ntchito kusukulu yolemba za Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa dzikolo, ndipo atafufuza anabwera kunyumba atakwiya. Akuti munthuyu anali watsankho, sankafuna kuti anthu akuda aziponya voti, ndipo ankafuna kuwasamutsa m'dzikomo. Mayiwa anakula akudziwa kuti Lincoln ndiye anamasula akapolo, ndiye akufunsa ngati mwanayo akunena zoona, ndi choti amuyankhe.

Mayi, mwana wanuyo sakunama. Pa 18 Sepitembala 1858, ku Charleston m'chigawo cha Illinois, pa mtsutso wake ndi Stephen Douglas polimbirana mpando wa ku Senate, imodzi mwa nyumba za malamulo za dzikolo, Lincoln anauza khamu kuti sakufuna ndipo sanafunepo kuti akuda ndi azungu akhale ofanana pa ndale kapena pa kakhalidwe. Anati asamavote, asamakhale nawo m'gulu la oweruza milandu, asamakwatirane ndi azungu. Pa 14 Ogasiti 1862, ali kale pulezidenti, anaitana amuna asanu akuda ku White House nkuwauza pamaso kuti ndi bwino mitundu iwiriyi ikhale kosiyana, ndipo anawapempha kuti atsogolere anzawo kusamukira ku Central America. Mu 1863 anthu pafupifupi 450 anatumizidwadi ku kachilumba ka Île-à-Vache ku Haiti. Nthomba ndi njala zinawasautsa, ambiri anafera komweko, ndipo chaka chotsatira boma linachita kutumiza sitima kukatenga otsala. Palinso ina imene mwina mwanayo sanaipeze: mu 1847, ali loya, Lincoln anaimira kukhoti Robert Matson, munthu amene ankafuna kubwezeredwa akapolo ake. Mlanduwo unawakomera akapolowo.

Ndiye musakangane naye pa zimenezi, adzakugonjetsani, ndipo akadzaona kuti mukukana zinthu zolembedwa adzasiya kukukhulupirirani pa zina zimene mukunena zoona.

Imelo yanu yandikhudza chifukwa mkwiyo wa mwanayo ndimaudziwa. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anali kapitawo pa esiteti ina ya mzungu kumwera kwa Malawi nthawi ya atsamunda. Ife tinakula tikuwadziwa ngati mkulu wa mpingo, munthu wa jekete loyera, amene ankatisungira nthochi zakupsa mu mtsuko ndipo sankadya mwana wa eni ali chiimire pakhomo. Kwathu mawu oti kapitawo ankanenedwa monyadira, ngati mmene munthu anganenere kuti agogo anali aphunzitsi. Palibe anatiuzapo kuti ntchito ya kapitawo nthawi ya thangata inali chiyani. Banja lokhala pa malo a mzungu linkalipira pogwira ntchito m'munda mwake, kawirikawiri nthawi ya dzinja imene munthu amayenera kukhala m'munda mwake momwe, ndipo wolemba maina, wowerenga masiku, wodzutsa anthu m'bandakucha, anali munthu wakuda mnzawo.

Atamwalira, usiku wa maliro amuna tinali panja tikuwotha moto, amayi akuimba m'siwa. Ine ndinali mnyamata wa ku sekondale, wotumidwa nkhuni. Mkulu wina amene anali atalawako, wochokera mudzi wina, anayamba kulankhula yekha, osati mokuwa, akuyang'ana moto. Anati munthu amene tikulirayu ndiye anasasula denga la nyumba ya bambo ake mvula ikugwa, chifukwa anajomba ku thangata mkazi wawo akudwala. Anthu anamuzimitsa msanga. Wina anamugwira mkono nkupita naye kuseri. Koma mkulu wina anayankha kuti inde zinachitika, komanso munthu yemweyo ankalemba masiku a anthu odwala ngati agwira ntchito, ndipo mchimwene wake anapulumuka kuthamangitsidwa chifukwa cha bodza la m'kaundulamo. Kenaka anayambitsa nyimbo ndipo nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinafunsa mayi anga. Anandiyang'ana nkunena kuti pamaliro sitinena zimenezo. Patapita miyezi ndinafunsanso, anati za akufa zisiye. Amalume ndiwo anadzandiuza pang'ono, tili panjinga kuchokera kuchigayo, kuti agogo anasiya ntchitoyo atakana kuzula chimanga cha mayi wina wamasiye. Azakhali a mbali ina, nditawafotokozera, anaseka nkunena kuti anachotsedwa chifukwa cha mowa. Mpaka lero m'banja mwathu muli nkhani ziwirizi, ndipo aliyense amasankha yomwe ikumuyenera. Chimene ndimakumbukira bwino ndi chakuti mkwiyo wanga sunali kwenikweni pa agogo. Unali pa anthu amoyo amene anandipatsa theka la munthu nkundiuza kuti ndi wathunthu. Ndikuganiza kuti mwana wanu alinso pomwepo. Wakhala akuona nkhope ya munthuyu pa ndalama ya madola asanu ndi pa kakobiri ka senti imodzi, aphunzitsi akumuuza za mnyamata wosauka wokonda mabuku, ndiye lero wapeza za 1858 yekha pa intaneti. Akumva ngati anamupusitsa.

Sindikufanizira agogo anga ndi pulezidenti wa America, ayi. Ndingoti kuyambira pamenepo ndinadana nako kuyeretsa akufa, ndipo ndimadananso chimodzimodzi ndi chizolowezi chatsopanochi chopeza chiganizo chimodzi choipa nkunena kuti basi munthu tamudziwa. Zonsezi ndi ulesi. Munthu wandale ine ndimamuyesa pofunsa kuti, pamene kugonja kukanamupindulira, ndi chiyani chimene anakana kugulitsa? Ndipo pa muyeso umenewo Lincoln amapambana, ngakhale mwana wanu akwiye.

Anabadwa pa 12 Febuluwale 1809 ku Kentucky, chigawo chimene chinali ndi akapolo. Mu 1816 banja linasamukira ku Indiana komwe muliko, kumwera kwenikweni, ndipo mayi ake Nancy anamwalira komweko mu 1818. Sukulu yake yonse mukaiphatikiza ndi ya chaka chimodzi chabe. Bambo ake ankamutumiza kukagwira ganyu kwa anthu ndalama nkulandira iwo, monga lamulo linkalolera kufikira mwana atakwanitsa zaka 21. Mu 1828 ndi mu 1831 anayenda pa bwato la katundu mu mtsinje wa Mississippi mpaka ku New Orleans, kumene kunali msika waukulu wa akapolo. Mkazi wake, Mary Todd, anachokera m'banja losunga akapolo. Ukapolo sanaumvere m'mabuku. Ndipo pa mitsutso yomwe ija ya 1858, pakamwa pomwe paja panatuluka zonyansa, ankabwereza mfundo imodzi: kuti pa ufulu wodya chakudya chimene manja ake agwirira ntchito, popanda kupempha chilolezo kwa wina, munthu wakuda ndi wofanana ndi iye, ndi Douglas, ndi munthu wina aliyense. Ku Illinois wa nthawi imeneyo mawu amenewo sankabweretsa mavoti. Douglas ankamunyoza nawo, ndipo mpando uja anautenga Douglas.

Mwana wanu amvetsenso kuti malamulo oyendetsera dziko la America sankapatsa pulezidenti mphamvu yothetsa ukapolo m'chigawo chimene unalipo kale. Chimene chipani cha Lincoln cha Republican chinkalimbana nacho ndi kuletsa kuti usafalikire ku madera atsopano a kumadzulo, poganiza kuti ukatsekerezedwa udzafa wokha. Lamulo la Kansas-Nebraska la 1854, limene linatsegula maderawo, ndilo linamubwezera Lincoln m'ndale. Anapambana chisankho cha Novembala 1860 ndi mavoti osakwana 40 pa 100 alionse, ndipo asanalumbire n'komwe zigawo 7 zakumwera zinali zitadzipatula ku dziko la America, kuyambira South Carolina. Apa ndi pamene muyeso wanga ukuyambira. Senator John Crittenden anabweretsa mgwirizano woti mzere ulembedwe mpaka ku nyanja ya Pacific, kumwera kwake ukapolo ukhale wololedwa mpaka kalekale, nkhondo ipeweke. Anthu ambiri akumpoto anaukonda. Lincoln analembera anzake a m'chipani makalata kuti pa nkhani yofalitsa ukapolo asagonje ngakhale pang'ono. Pa zina anagonja, ndipo zina mwa izo n'zochititsa manyazi: polumbira mu Malichi 1861 analonjeza kuti sadzakhudza ukapolo komwe ulipo, ndiponso kuti akapolo othawa azibwezedwa monga lamulo linkanenera. Anthu pafupifupi 4 miliyoni anali mu ukapolo nthawi imeneyo.

Pali nkhani imodzi imene sindimvetsa chifukwa chake saiphunzitsa kwambiri. Kuyambira 1820 lamulo la America linkati wogwidwa akutenga akapolo ku Africa ndi woyenera kunyongedwa, koma kwa zaka 40 palibe ananyongedwapo. Mu 1860 anagwira Nathaniel Gordon, woyendetsa sitima yotchedwa Erie, atanyamula anthu 897 kuchokera ku mtsinje wa Congo, ambiri mwa iwo ana. Khoti litamuweruza, anthu zikwi anasaina zikalata zomupemphera chifundo. Lincoln anali wodziwika ndi mtima wofewa, ankakhululukira asilikali othawa nkhondo mpaka akuluakulu a asilikali kumadandaula. Kwa Gordon anangomuwonjezera masabata awiri oti akonzekere imfa. Ananyongedwa ku New York pa 21 Febuluwale 1862, ndipo ndi yekhayo m'mbiri ya dzikolo amene anafera mlandu umenewo. Chaka chomwecho boma lake linavomereza Haiti ndi Liberia ngati maiko oima paokha, chinthu chimene andale akumwera anakhala akutchinga chifukwa sankafuna kazembe wakuda ku Washington.

Koma chaka chomwechonso, mu Epulo, pomasula akapolo pafupifupi 3,000 a mu mzinda wa Washington, boma linalipira chipukuta misozi cha madola ofika 300 pa munthu aliyense. Linalipira eni akapolo. Wogwira ntchito moyo wake wonse osalandira kanthu anangolonjezedwa ndalama zofika madola 100 ngati avomera kuchoka m'dzikomo. Britain inachitanso zomwezo mu 1833 ndi mapaundi 20 miliyoni, onse kwa eni. Nkhani imeneyi imandiwiritsa magazi nthawi zonse, ndipo ndikanakhala mwana wanu ndikanalemba pa imeneyi, osati pa mawu a pa msonkhano wa kampeni.

Anamasula ndani?

Mawu oti "anamasula akapolo" ndiwo ndikufuna muwasiye, mayi, chifukwa amafufuta anthu amene anayamba ntchitoyo. Mu Meyi 1861, patangopita mwezi umodzi chiyambireni nkhondo yapachiweniweni pakati pa zigawo zakumpoto ndi zakumwera, amuna atatu, Frank Baker, Shepard Mallory ndi James Townsend, anathawa pa bwato usiku nkukafika ku Fort Monroe ku Virginia, kumene kunali asilikali akumpoto. Mkulu wa asilikali Benjamin Butler anakana kuwabweza. Mbiri itamveka anabwera ena mazana, kenaka zikwi, amayi ndi ana omwe, kulikonse kumene asilikali akumpoto afika. Palibe anawaitana. Boma linkachita kuthamangira m'mbuyo mwawo ndi malamulo. Pamene akuluakulu a asilikali awiri, John Frémont ku Missouri mu 1861 ndi David Hunter mu 1862, analengeza okha zomasula akapolo m'madera awo, Lincoln anafafaniza zonsezo poopa kuti Kentucky ndi zigawo zina za m'malire zipita kwa adani.

Mwana wanu akapeza kalata ya pa 22 Ogasiti 1862 yopita kwa mkonzi wa nyuzipepala Horace Greeley, momwe Lincoln akuti akanatha kupulumutsa dziko osamasula kapolo ngakhale mmodzi akanatero, muuzeni aone masiku. Mwezi wathunthu m'mbuyo mwake, pa 22 Julayi, anali atawerengera kale nduna zake chikalata chomasula akapolo, ndipo chinali m'dirowa kudikira kuti asilikali apambane kaye penapake. Ankakonzekeretsa azungu akumpoto kuti akadzachimva adzati ndi njira yopambanira nkhondo. Ndale zimenezo, zonunkha koma zogwira ntchito. Nkhondo ya ku Antietam itachitika mu Sepitembala anachilengeza, ndipo chinayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863. N'zoona kuti sichinakhudze Kentucky, Maryland, Delaware, Missouri ndi madera ena amene anali kale m'manja mwa boma. Koma kuyambira tsiku limenelo paliponse pamene msilikali wakumpoto waponda m'madera opandukira boma, ukapolo unkatha, ndipo chikalatacho chinatsegula khomo loti akuda alowe usilikali. Analowa pafupifupi 180,000.

Ogasiti 1864

Mwezi uwu ndiwo umandipangitsa kumuikira kumbuyo. Nkhondo inali itafika poipa, anthu akufa zikwizikwi ku Virginia popanda chooneka, ndipo chisankho chinali mu Novembala. Lincoln mwini anakhulupirira kuti agonja, mpaka pa 23 Ogasiti analemba kapepala konena zimenezo nkuuza nduna zake zisaine kuseri osawerenga. Akuluakulu a chipani chake anamuuza kuti chikumugwetsa ndi kuumirira kuti mtendere ubwere pokhapokha ukapolo utatha. Angochotsa mfundo imeneyo, anthu amuvotera. Anagwedezeka ndithu, analemba kalata yofewetsa mawu ake, koma sanaitumize. Anauza alendo ena kuti akabweza ku ukapolo amuna akuda amene amenyera dzikolo nkhondo, adzakhala wotembereredwa pansi pano ndi kumwamba komwe. Ndipo pa 19 Ogasiti anaitana Frederick Douglass, munthu amene anathawa ukapolo ku Maryland ndipo anakhala akumudzudzula m'nyuzipepala kwa zaka, nkumupempha kuti akonze gulu la anthu olowa kumwera mobisa kukauza akapolo kuti athawire kumpoto msanga, chifukwa iye akagonja khomo litsekedwa. Munthu wongofuna mavoti sachita zimenezo. Atlanta inagwa kumayambiriro kwa Sepitembala, mphepo inatembenuka, anapambana. Atapambana sanapume. Anakakamiza aphungu, ena powanyengerera ndi maudindo, mpaka pa 31 Januwale 1865 nyumba ya malamulo inavomereza ndi mavoti 119 kwa 56 kusintha kwa nambala 13 kwa malamulo a dziko, kothetsa ukapolo paliponse.

Pa 11 Epulo 1865, nkhondo itangotsala pang'ono kutheratu, analankhula pa zenera la White House kuti akufuna akuda ena, ophunzira ndi amene anali asilikali, apatsidwe voti. Ndi zochepa, ndikudziwa, zosankha anthu ngati tomato pamsika. Koma ndi munthu yemwe uja wa ku Charleston, patapita zaka zosakwana 7, ndipo palibe pulezidenti ananenapo zotere pagulu. John Wilkes Booth anali m'khamulo ndipo anamva. Pa 14 Epulo anamuwombera ku Ford's Theatre, ndipo anamwalira m'mawa mwake ali ndi zaka 56.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandiletsa kuimba nyimbo zachipambano. Wachiwiri wake, Andrew Johnson, amene analowa m'malo mwake, anabweza kwa eni akale minda imene mabanja omasulidwa anali atayamba kugawiridwa m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina ndi Georgia. Munthu womasulidwa wopanda munda anabwerera kukalima thonje kwa bwana yemwe uja, pogawana zokolola ndi ngongole yosatha. Lamulo la nambala 13 lija linasiya kampata koti womangidwa pa mlandu angathe kugwiritsidwa ntchito yokakamiza, ndipo zigawo zakumwera zinayamba kumanga akuda pa milandu yopanda pake nkumawabwereketsa ku migodi ndi ku minda. John Chilembwe atapita ku America mu 1897 nkukaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, anapeza dziko limenelo, la malamulo olekanitsa mitundu ndi anthu akuda ophedwa ndi magulu popanda mlandu, zaka zoposa 30 Lincoln atamwalira. Anabwerera mu 1900 kudzapeza thangata ku Chiradzulu. Ife a ku Malawi sitifunika kutiuza kuti munthu angathe kukhala mfulu pa pepala koma nkumadzutsidwa m'bandakucha kukalima munda wa wina. Ndipo poti ndayamba kale kuwonjezera milandu, mwana wanu adzapezanso kuti pa 26 Disembala 1862 amuna 38 a mtundu wa Dakota, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, ananyongedwa tsiku limodzi ku Mankato, Minnesota, Lincoln atavomereza. Khoti la asilikali linali litaweruza 303 kuti afe, iye anawerenga milanduyo nkuchotsa ambiri. Ena amawerenga amene anapulumutsa, a Dakota amawerenga 38 aja, ndipo sindingawauze kuti asiye.

Douglass ndiye anamuweruza bwino kuposa tonse, chifukwa ankamudziwa ndipo analibe chifukwa chomunyengerera. Mu Epulo 1876, potsegulira chiboliboli cha Lincoln ku Washington chimene ndalama zake anasonkha anthu omasulidwa, pamaso pa Pulezidenti Grant, ananena kuti Lincoln anali pulezidenti wa azungu choyamba, ndipo akuda anali ngati ana omupeza. Anati ukamuyang'ana kuchokera kwa olimbana ndi ukapolo enieni ankaoneka wochedwa, wozizira, wosakhudzidwa, koma ukamuyesa ndi maganizo a anthu amene ankayenera kuwatsogolera anali wachangu, wolimba mtima ndi wosabwerera m'mbuyo. Ananena zonsezi pa mwambo womulemekeza, ndipo palibe anamugwira mkono kupita naye kuseri.

Choti muchite ndi chochepa. Muuzeni mwanayo kuti wapeza zoona. Kenaka asindikize zolemba zinayi, zonse zili pa intaneti mwaulere: mawu a ku Charleston a 1858, kalata ya kwa Greeley ya 1862, mawu a pa 11 Epulo 1865 ndi a Douglass a 1876. Alembe chaka pamwamba pa chilichonse, aziwerenge motsatana, ndipo pakati pake aikepo amuna atatu a ku Fort Monroe aja. Akamaliza nkumanenabe kuti anali watsankho, musiyeni alembe zimenezo, bola afotokoze za Ogasiti 1864. Mukapeza mpata Loweruka lina, pitani naye ku Lincoln Boyhood National Memorial ku Spencer County, kumwera kwa Indiana komweko, kumene kuli manda a mayi ake a Lincoln. Ngati muli chakumpoto kwa chigawocho ndi ulendo wautali, nyamukani m'mawa.